Chithunzi cha Kunyanja Chimene Tadala Anaona

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno kunja, mumzinda wa Kepi, ndilipo, thupi lili bwino. Mtima ndi umene wandivuta miyezi yapitayi, ndiye ndati ndikuuzeni. Muli moyo ndinkayamba ndi nkhani zabwino kuti mukhazikike kaye, ndipo lero ndichita chimodzimodzi.

Kumudzi kwabadwa mwana. Alamu anga, akazi a achimwene a Yohane, anachira bwino mu Epulo kuchipatala cha Magaleta, mwana wamwamuna. Akuti mphumi yake ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amaikwinya ngati mmene munkachitira inu mbuzi zikalowa m'munda. Chimanga cha kumtunda sichinachite bwino chifukwa mvula inadula chikumasula, koma nandolo waonetsa maluwa ambiri. Mitengo yanu ya manachesi inalemedwa mpaka achemwali a Edina anachita kuichirikiza ndi mphanda. Mbuzi yamawanga ija inaswa ana awiri, ndipo khalidwe lake lolowa m'dimba la eni silinasinthe. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, koma anafoleranso. Zonsezi ndimamva pa foni Lamlungu, achemwali akatuluka m'tchalitchi n'kukwera pachulu chija pamene netiweki imagwira bwino.

Mwana wanga Tadala wakula, ali sitandade fili. Mwana uja munamulandira m'manja mwanga tsiku limene ndinkanyamuka, akuyamwa chala, inu n'kunena kuti, "Pita ukagwire ntchito, uyu ndi wanga." Chimwalirireni inu amagona kwa achemwali a Edina, pamphasa imodzi ndi ana awo. Nkhani imene yandivutayi ndi ya iyeyo. Koma kuti muimve bwino, ndiyambe ndakuuzani mmene timakhalira kuno tsiku losagwira ntchito.

Ntchito yanga ndi yomwe ija yolera mwana wa eni. Lili, kamtsikana kamene ndinakapeza kakukwawa, chaka chamawa kayamba sukulu. Lamlungu amandipatsa kuti ndipume. Chaka choyamba tsiku limeneli linkandisowetsa mtendere. Inu munkati mukaona munthu wakhala pansi dzuwa lili pamutu, mumamufunsa kuti, "Iwe, ukudwala?" Ndiye ndikachoka ku tchalitchi ndinkachapa zovala zochapachapa kale, kukolopa kachipinda kanga, kenako kukolopanso. Tsiku lina mnzanga Asiyatu wa ku Mangochi, amene amagwira ntchito nyumba ina mumsewu womwewu, anandipeza ndikukwecha poto woyera kale.

"Elube, potoyu wakulakwira chiyani?" anandifunsa. "Vala nsapato, tiye."

Tinakwera sitima mpaka kunyanja. Amayi, nyanja ya kuno ilibe tsidya. Madzi ake ndi amchere, ozizira kuposa a pachitsime chathu m'mawa wa mu Juni. Tinagula tchipisi ndi nsomba zokulunga m'pepala n'kukhala pamchenga. Mbalame zoyera za kumeneko n'zopanda ulemu ngati mbuzi yanu ija, ina inandilanda nsomba m'manja ndikupita nayo kukamwa. Pamchengapo panali azibambo aimvi, athanzi lawo, atangogona chagada masana, ndipo panalibe wowafunsa ngati akudwala. Tsiku limenelo ndinkangocheukacheuka, ngati mutulukira kumbuyo kwanga mutanyamula khasu. Titapitanso ndinacheuka pang'ono. Kenako ndinasiya kucheuka.

Ndinazikonda, amayi, sindikubisirani. Ndinayamba kuliyembekezera Lamlungu kuyambira Lachitatu.

Kuno anthu amagula nsapato zapadera ndi ndodo kuti akwere phiri, pamwamba pake palibe munda, palibe nkhuni, palibe wachibale woti akamuone. Nditamva koyamba ndinaseka mpaka misozi. Ndinakumbukira inu mukukwera mtunda wa kwathu ndi dengu la manachesi pamutu kuti mukapeze galimoto kumsewu, mukupumira m'mwamba, osaima. Koma Asiyatu atandikoka, nane ndinakwera. Pamwamba tinadya buledi ndi mapeyala, tauni yonse ili pansi pa mapazi athu, ndipo ndinatsika ndikuimba. Loweruka lina adona ndi abwana, makolo a Lili, ananditenga kumunda wina kumene anthu amalipira kuti athyole okha zipatso zofiira zotchedwa sitiroberi. Imvani bwino, amayi: amalipira kuti awerame m'munda wa eni. Ine ndinadzaza kadengu kanga ena asanafike pakati pa mzere. Adona anaseka, anati ndichepetse liwiro chifukwa sitinabwere kuganyu. Ndinachepetsa, ndipo ndinaona kuti n'zotheka kuthyola chipatso chimodzi, kuchiyang'ana, kuchidya, osaganiza za dzuwa.

Tsopano nkhani ija. Mu Febuluwale, kuno kukutentha, Lili anakwanitsa zaka zisanu, ndipo makolo ake anakonza zopita naye kunyanja Loweruka. Ine ndinapita monga wantchito, kunyamula matawulo ndi kumuyang'anira. Mwanayu amaopa mafunde. Ankafika pamene madzi amalekezera n'kuthawa. Kenako anabwera kwa ine atakweza manja, akuti, "Lube, ndinyamule." Dzina langa amalitchula choncho. Ndinamunyamula m'chiuno n'kulowa naye pang'onopang'ono. Funde lina lalikulu linatipeza tisanakonzeke, linatinyowetsa mpaka pachifuwa. Iye anandikumbatira khosi, tonse tinakuwa, kenako tinaseka mosaletseka. Adona anatijambula ali kumtunda n'kunditumizira chithunzicho.

Madzulo ake ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinali ndisanadzionepo choncho. Masaya odzaza, mano onse pamtetete, madzi akuwala pakhungu. Ndinaoneka ngati munthu amene sanasenzepo mtolo. Ndinanyada. Pa mafoni a masiku ano pali malo otchedwa sitetasi, pamene ukaikapo chithunzi aliyense amene ali ndi nambala yako amachiona. Ndinachiika pamenepo. Ndinkaganiza za anzanga a ku sukulu, kuti aone kumene Elube wafika. Za mwana wanga sindinaganize ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake ndinaimba monga mwa nthawi zonse. Achemwali anandiuza za kubandira ndi za mbozi m'chimanga. Nditati andipatse Tadala, anati wathamangira kunyumba. Lamlungu lotsatira anati akusewera ndi anzake kumunsi. Linanso, achemwali akumuitana, ndinamva mawu ake pafupi penipeni ndi foni akuti, "Auzeni kulibe."

"Achemwali, chachitika n'chiyani?" ndinafunsa.

Anayamba auza ana kuti atsogole.

"Anaona chithunzi chako chija," anatero. "Foni ndinaisiya pawindo ndikupita kukatunga madzi. Pobwera ndinamupeza wachikuza ndi zala, akuyang'ana nkhope yako. Anandifunsa kuti, amayi aakulu, uyu ndi ndani? Ndinati ndi mwana wa abwana awo. Anati, amamunyamula tsiku lililonse? Ndinati eya, ndiyo ntchito yawo."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati, nanga ngati ndi ntchito, akusekeranji?"

Amayi, ndinali nditaima pakhomo pa kachipinda kanga, koma ndinapezeka ndakhala pansi pasimenti. Ndinafuna kunena kuti mwanayo sakumvetsa, koma anamvetsa bwino kuposa ine. Pachithunzipo sindinkaseka chifukwa cha malipiro. Ndinkaseka chifukwa ndinali wosangalala, ndipo mwana amene anali m'manja mwanga ndimamukonda. Ndinamuphunzitsa kuyenda, ndimadziwa kaliridwe kake ka njala ndi ka tulo. Za Tadala ndimamva kwa anthu. Mano ake akutsogolo anaguluka n'kumeranso ine osawaona. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinamunyamula komaliza. Linali la maliro anu, pochoka kumanda, ndipo tsiku limenelo ndinkalira. Mwana wanga sakumbukira ndikuseka iye ali m'manja mwanga.

Ndinatsegula foni kuti ndifufute chithunzicho, koma ndinalephera. Chilipobe mpaka lero. Ichinso chimandichititsa manyazi.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kutuluka. Asiyatu ankabwera kudzagogoda Lamlungu, ine n'kumuuza kuti mutu ukundipweteka. Ndinabwerera ku poto uja. Ndinkaganiza kuti ndikakhala m'chipinda osasangalala, mwina kwinakwake zinthu zilingana. Ndinagula diresi lachikasu ndi nsapato n'kupatsira dalaivala amene amanyamula katundu wa anthu kupita kumudzi. Achemwali anati nsapatozo Tadala akuvala chifukwa zakale zinamuthina, koma diresi analipinda n'kuliika pansi pa chikwama.

Choipa kwambiri chinachitika kuntchito. Ndinayamba kuuma thupi Lili akandiyandikira. Ndinkamudyetsa, kumusambitsa, koma masewera ndinachepetsa. Masana ena anagwa pamasitepe a kuseri n'kusupuka bondo. Analira atakweza manja kwa ine, akuitana dzina langa. Amayi, ndinaima. Manja anga anali m'mbali, ndikungomuyang'ana, magazi akutsika mwendo. Sizinatenge nthawi, ndinamunyamula n'kumutsuka bala, koma iye anaona kuti ndinaima. Atatonthola anandifunsa ngati ndamukwiyira. Inu munkati mwana wa mnzako akagwa pakhomo pako umayamba wamudzutsa, za amayi ake uzifunsa pambuyo. Ine ndinamulakwira mwana wa eni poyesa kulipa kwa wanga, wangayo osadziwa n'komwe.

Lamlungu la sabata imeneyo ndinaimba ndili ndi mkwiyo, ndipo ndinautula pa munthu wosalakwa.

"Achemwali, inunso munasiyiranji foni poti mwana aione?"

"Ukufuna ndizimubisira amayi ake?" anandifunsa. Sanakweze mawu. Mukuwadziwa a Edina, akakwiya ndi pamene amayankhula motsitsa. "Mvera, Elube. Zithunzi zako ine ndimaziona ndili m'munda, matope mpaka m'mawondo. Za kuphiri ndinaziona, za zipatso zija ndinaziona. Masiku ena zimandiwawa, sindinama. Amayi akudwala ndinkawatembenuza ndekha, kuwasambitsa ndekha. Ine kutali kumene ndinafika ndi ku Blantyre, komwenso ndinapita kukadikirira matenda. Ndiye ndikaona iwe uli pamwamba pa phiri ndi buledi m'manja, pena ndimaika foni chafufumimba."

Ndinangoti, "Pepani."

"Sindinamalize. Masiku ena ndimachiyang'ana n'kunena kuti, mwa ana a amayi, mmodzi waiona nyanja. Ndimaonetsa azimayi a kumpingo. Tsopano ndamva kuti wadzitsekera m'chipinda. Eti ife kuno tipindulapo chiyani? Chimanga chichuluka?"

Anali Asiyatu amene anawauza. Nambala yawo ali nayo, ndinamupatsa kalekale kuti china chitandichitikira adziwe koimba.

Kenako achemwali anafunsa ndi mawu ena, ngati a mwana.

"Kodi mukafika kunyanjako mumachita chiyani kwenikweni?"

"Palibe. Timangokhala."

"Basi?"

"Basi. Pena timadya kenakake."

Anaseka, nanenso ndinaseka uku ndikupukuta m'maso.

Zimene anachita Loweruka lotsatira, amayi, mukanakhala mulipo mukanawagwira pamphumi kuti muone ngati atentha thupi. Anasiya nyemba zili pamkeka zosapuntha, anaotcha mbatata, anadula nzimbe, n'kutenga Tadala yekha kupita naye kumtsinje. Ana awo anawasiya ndi bambo awo. Sananyamule zochapa kapena ndowa. Anakakhala pathanthwe lija munkayanikapo zitenje. Azimayi amene ankachapa anawafunsa ngati aiwala zovala kunyumba, iwo anati ayi, tabwera kudzangokhala. Akuti mayi wina anawayang'ana mpaka sopo anamupulumuka n'kupita ndi madzi. Achemwali akuti manja ankawayabwa, sankadziwa powaika, ndipo pobwerera analephera kupirira, anathyola chisoso m'mbali mwa njira. Koma anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Tadala anasewera m'madzi, anatola timiyala, kenako anadzakhala pambali pawo n'kufunsa kuti, "Amayi kumene aliko amachita zomwezi?" Anamuyankha kuti eya. Iye anangopitiriza kutafuna nzimbe.

Atandifotokozera zimenezi, achemwali anati, "Lamlungu likubwerali upite kunyanja kwakoko. Upite wekha. Uimbe foni yoonetsa nkhope ija. Ndamuuza. Sanavomere, koma sanakane."

Apa tinali mu Juni, kuno kukuzizira ndipo mvula ikugwa. Ndinakwera sitima ndekha, ndavala majuzi awiri. Pamchenga panalibe anthu, kupatula bambo wina patali akuyenda ndi galu. Wogulitsa tchipisi anali atatseka. Nyanja inali yotuwa, yolusa. Ndinaima pamalo omwe aja tinajambulidwa. Ndinaimba.

Chithunzi chinkaduka n'kubweranso. Ndinaona nkhope ya achemwali, kenako thambo, kenako udzu wa pachulu. Kenako ndinamuona. Anali atavala malaya ake akale a buluu, diresi lachikasu lija ayi. Tsitsi anamumeta. Sanandiyang'ane m'maso, ankayang'ana kumbuyo kwanga ndi m'mbali mwanga.

"Tadala, uli bwanji mwanawe?"

"Ndili bwino." Kenako anafunsa, "Mwabwera nokha?"

"Ndekha."

"Uja ali kuti?"

"Ali kwawo, ndi amayi ake."

"Ali nawo amayi ake?"

"Ali nawo."

Anakwinya mphumi, akuganiza. Ndinazindikira kuti miyezi yonseyi palibe amene anamuuza zimenezi momveka. Ndinafuna kulankhula zambiri zimene ndinakonza m'sitima, koma iye anayamba kuyankhula.

"Tembenuzani foni ndione madziwo," anatero.

Ndinatembenuza. Ndinaigwira choncho dzanja mpaka kuchita dzanzi, mafunde akubwera n'kubwerera. Ndinamva tambala akulira kumudzi, ndipo ndinamva achemwali akunong'ona kuti, "Mayo, zonsezi ndi madzi." Kenako Tadala anati, "Basi, ndaona."

Nditabwezera foni kunkhope kwanga, anali akundiyang'ana tsopano.

"Mumamukonda?"

Amayi, ndikanatha kunama. Ali kutali, sakanadziwa. Koma anali ataona kale chithunzi chija, ndipo ndikananama akanadziwa kuti amayi ake ndi abodzanso.

"Ndimamukonda," ndinatero. "Koma iwe ndinakubereka. Ndikadzuka m'mawa woyamba kumuganiza ndiwe."

Anakanda bondo, anayang'ana kwa amayi ake aakulu, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Mukadzabwera mudzatha kundinyamula? Ndakula tsopano. Ndimasenza ndowa yaikulu."

Ndinati ndidzatha. Foni inaduka ndisanadziwe ngati wamva. Ndinaimbanso koma sinagwire. Ndinakhala pamchenga wonyowawo n'kulira mmene sindinalirire chichokereni kumanda kwanu. Bambo wa galu uja podutsa anandifunsa ngati ndili bwino, ndinangogwedeza mutu.

Chiyambire tsiku limenelo Tadala amabwera pa foni, koma sakhalitsa. Amandiuza za sukulu ndi za ana a mbuzi, kenako amati, "Nawa amayi aakulu." Kuseka sanasekebe nane. Diresi lija akuti analitulutsa kamodzi, analiyesa m'nyumba, n'kulibwezera. Sindikumukakamiza. Lili ndayambanso kusewera naye, chifukwa iye sanalakwe kanthu, koma ndikamunyamula ndimamva kulemera kwa ana awiri. Kunyanja ndapitakonso ndi Asiyatu. Ndinadya tchipisi, zinandikomera, ndipo pobwerera m'sitima ndinachita manyazi. Sindikudziwa ngati manyazi amenewa adzatha, kapena ngati ndi oyenera kutha. Ndikanakonda mukanandiuza inu, ngakhale mondikalipira.

Ndapempha tchuthi cha Disembala ndipo adona avomera. Achemwali akuti msewu wa kwathu ukadzayamba matope galimoto izidzathera kumunsi, ndiye ndidzayenda wapansi mtunda wonse uja. Akuti adzabwera naye Tadala kudzandichingamira. Masiku ano ndikamakwera masitepe a kuntchito ndimanyamula zidebe ziwiri zodzaza kuti ndizolowere kulemera kwa Tadala, adona amadabwa kuti bwanji sindigwiritsa ntchito paipi. Mwanayo ndi wamtali, amayi, ndamuona pa foni, miyendo yake idzafika m'mawondo mwanga, ndipo anthu a pamsewu adzaseka. Asekebe. Ndikulonjeza kuti ndidzamubereka kumbuyo kuchokera pamene galimoto idzaime, ndipo sindidzamutsitsa mpaka iye mwini adzanene. Tikadzafika tidzabwera limodzi kumene mwagonako, mudzaone mmene wakulira mwana amene munandisungira.

Gonani bwino. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Elube